Kwa Mnzanga Wofuna Madzi ku Mwezi

Ndinamva za iwe pa wailesi ya m'foni, Lachitatu,
manja ali bii ndi girizi,
nditagwada pa mjigo wa kwa Mkanda
umene wakhala ukutsokomola mpweya wokhawokha chiyambire Okutobala.
Akuti uli ndi mateyala koma ulibe mapapo,
kukula kwako ngati ngolo ya abulu,
ndipo anakuponya kumwambako kuti ukafufuze madzi.
Ndinaseka mpaka sipanala inagwera m'matope.

Madzi!
Kumbuyo kwanga kunali amayi khumi ndi anayi,
zigubu zachikasu zili ndandanda ngati odwala pa chipatala cha Kapiri.
Mayi Nasikelo, amene sadziwa kunong'ona, anati:
"Auzeni abwere kuno, tiwalozera pokumba.
Mwezi suchapa matewera."
Onse anafa nalo phwete.

Kampira kamene kanatha mu mjigowu
mtengo wake sufika nkhuku ziwiri,
koma komiti yasonkha miyezi itatu
ndalama zikudontha m'thumba la msungichuma.
Nanga iwe, ulendo wako ungagule timipira tingati?
Ndinayamba kuwerengera pansi ndi msomali.
Dothi linanditherera maziro asanathe.

Usiku umenewo magetsi kunalibe.
Mwezi unakhala phee pamwamba pa mapiri a kumalire,
woyera ngati mbale ya malata yotsuka ndi phulusa.
Elube, mwana wanga wa Fomu 2, anatuluka ndi kope.
"Ababa, kumeneko kulibe mphepo.
Mizere ya mateyala ake idzakhalapobe
ife tonse titaiwalika."
Mwana ameneyu amathawa masamu ngati waona njoka,
koma lero tsamba lomaliza ladzaza ndi mateyala,
timawaya, ndi kadzanja kokumbira.
Anandifunsa kuti batire lako silifa bwanji ndi chisanu.
Sindinadziwe.
Zaka makumi awiri ndikumasula zitsulo
palibe tsiku anandifunsapo za ntchito yanga.
Anayamba ndi yako.

Ndiye ndinakumbuka mnyamata uja anatilozera pokumba mjigowu,
kachipangizo m'manja, akuti kakulankhula ndi zinthu za mlengalenga.
Ndinakumbuka uthenga wa pa foni chaka chatha:
musathamangire kubzala, mvula iyi ndi yonama.
A Zefaniya sanamvere, mtedza wawo unapsera m'nthaka.
Elube akuti onsewo ndi abale ako,
mbumba imodzi, malume ndi adzukulu.
Kaya.

Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ntchito yathu ndi imodzi.
Ndikamatsitsa mapaipi mu mdima wa mamita makumi anayi
madzi sindiwaona, ndimachita kuwamvetsera,
khutu pa chitsulo, mpweya nditaugwira.
Iwenso uli m'dzenje lako lomwe dzuwa silinalowemo,
wekhawekha, popanda wokupatsira thobwa,
fumbi likukulowa m'mfundo.
Nati ikakumasukira, adzakumanga ndani?
Ine ndikadwala, mwina Elube.

Usaganize kuti ndakukhululukira mtengo wako.
Mawa m'bandakucha Nasikelo adzayendabe mpaka ku dambo
kukalimbirana chithaphwi ndi ng'ombe za a Zefaniya,
ndipo palibe wailesi idzalengeze kuti wafika bwino.

Loweruka ndinadula kampira pa teyala lakale la njinga yamoto.
Elube anagwira sipanala, ine ndikumanga.
Anapopa akuwerenga mokweza.
Pa makumi awiri ndi zitatu mjigo unageya,
kenaka kunatuluka ofiira, kenaka otuwa,
kenaka aja timawatcha madzi.
Palibe anawomba m'manja. Zigubu zinangosuntha.

Mnzanga, ukawapeza ako,
utiuze kakomedwe kake.
Athu kuno ali ndi kadzimbiri pang'ono,
koma tinazolowera.
Mwanayu akuti adzabwera kudzakuona.
Ndamuuza kuti ayambe wakhoza masamu,
ndipo asaiwale kunyamula sipanala ya 17.